Soketi ya Mowa wa Julius

Lachiwiri, 2 Ogasiti 1983

Apongozi abwera lero ndi alamu Iness. Ndawapeza pakhonde nditaweruka ku ofesi, zala zikanali zakuda ndi riboni ya makina otaipira. M'nyumba sanalowe. Akuti kundisudzula ndi Loweruka la sabata yamawa, pa 13.

Ndinangoti zikomo. Zaka ziwiri ndi mwezi umodzi chimwalirire mwamuna wanga Julius, ine ndili m'zakuda. Chaka chatha anati kulibe chimanga chofululira mowa, ndidikire. Ndinadikira. Madiresi awiri aja afiira ndi dzuwa, sakudziwikanso kuti ndi akuda kapena ndi mtundu wanji. Ndatopa. Ndalemba pano chifukwa palibe amene ndingamuuze: ndatopa.

Kenako kunabwera chinacho. Apongozi anati, "Mowa wake mufulule nokha, ndi manja anu, pamalo pomwe munkamuphikira mwana wanga. Osati kwathu, osati kwanu."

Ndinati, amayi, ine ndinkamuphikira pa hotipuleti. Anafunsa kuti n'chiyani chimenecho. Iness anawatengera pawindo la kukhitchini n'kuwalozera. Anasuzumira nthawi yaitali, kenako anati, "Ndiye pomwepo."

Pomwepo. Kahotipuleti ka mbale imodzi, kamene kamandidikiritsa theka la ola kuti ndimwe tiyi.

Akukhosomola moipa mayi aja. Iness anandinong'oneza pachipata kuti zikakanika ulendo uno ndiye mpaka tidzakololenso, ndipo kaya iwowo adzafikako. Wina wondimasula palibe. Amalume a J. ali kutsidya ku Mozambique, nkhondo ili pakati, sitikudziwa ngati ali moyo.

Lachitatu, 3 Ogasiti

Lamulo la koleji: mowa sufululidwa m'nyumba za antchito. Kalata yake ndinaitaipa ndine, makope makumi anayi. Bola magetsi alibe utsi, ndiponso ndi holide, nyumba zambiri n'zotseka.

Ndapalasa njinga mpaka ku Malosa kwa mnzanga Eliza, ndabwereka hotipuleti yake ya mbale ziwiri ndi adaputa. Sanandifunse kanthu, Mulungu amudalitse. Iness wabweretsa theka la dilamu atalikulunga mumphasa ngati akupita nayo kukayanika.

Ndayesa madzulo ano. Mahotipuleti onse pansi, njerwa m'mbali, dilamu pamwamba, madzi okha. Kuyatsa, mphindi ziwiri, phwa! Fiyuzi. Ndatenga kawaya pa kakhadi kamene J. ankasunga mu dilowa, ndamanga monga ankachitira, ndayatsanso. Phwa. Soketiyo ndi yakalekale, ya timabowo tozungulira, pulagi ikakhalamo pang'ono imatentha ngati mbatata yootcha.

Madziwo sanafunde n'komwe.

Lachinayi, 4 Ogasiti

Ndapita kwa a Hamadi, fundi wa magetsi wa koleji. Ndawapeza kuwekishopu, kofia kumutu, pensulo kukhutu, akusula kanthu. Ndati soketi ya kukhitchini ikuvuta, ndikufuna yamphamvu.

"Mukufuna kulumikizapo chiyani, mama?"

Ndinati ayironi.

"Ayironi yokha?"

Ndinati ndi ketulo nthawi zina.

Ndikanati chiyani? Munthu ndi Msilamu wopemphera kasanu, sadutsa n'komwe pafupi ndi pamene akugulitsa mowa. Ndiponso m'mawa uliwonse amalowa mu ofesi ya abasala, osunga chuma cha koleji, kukatenga makiyi. Ndimuuze kuti ndikufuna kuwiritsa dilamu la masese m'nyumba ya koleji? Ndanama, ndipo bodzalo linatuluka losalala mpaka ndadabwa nalo.

Akuti abwera Loweruka m'mawa.

Lachisanu, 5 Ogasiti

Ndapempha tchuthi cha sabata yamawa yonse. Ndalemba kuti zamaliro. Limenelo si bodza.

Loweruka, 6 Ogasiti

Dilamu ndinalibisa kuchipinda, ndinalifunditsa bulangete. Hotipuleti ya Eliza pansi pa bedi.

A Hamadi achotsa yakale ija, aika soketi yoyera ya mabowo a makona, asintha ndi fiyuzi yake kubokosi la pakhonde lakuseri. Amagwira ntchito mwakachetechete, zinyalala zawo amasesa okha. Atamaliza anagogoda khoma ndi chala.

"Iyi ndi ya ayironi ndi ketulo. Waya wam'katimu ndi wowonda, ndi womwe anasiya azungu. Musausenzetse katundu wambiri."

Ndinati ndamva. Ndinawapatsa tiyi ndi chinangwa. Anathokoza m'chinenero chawo, chambone, anapita. Sindinawayang'ane m'maso ngakhale kamodzi.

Lamulungu, 7 Ogasiti

Potuluka m'tchalitchi Irene wa nyumba yoyandikana nayo wandigwira mkono. "Chemwali, mphasa ija ya alamu anu inali yonenepa bwanji." Anaseka. Inenso ndinaseka, mano okha. Mkazi ameneyu maso ali nawo ndi kumsana komwe.

Ulaliki sindinaumve. Ndimangowerenga masiku pa zala. Lolemba phala loyamba. Lachiwiri ligone. Lachitatu kuwiritsanso. Lachinayi chimera chomaliza. Lachisanu lidzuke. Loweruka kusefa. Palibe tsiku lotsala lakuti ndingalakwitse.

Lolemba, 8 Ogasiti

Iness wafika kusanatenthe, ufa wa mgaiwa ndi chimera cha mawere kumutu. Iye ndiye wodziwa. Ine ndinakulira pa misheni, ndimadziwa thobwa basi. Akuti iye azingonena, mthiko ndigwire ndine, apo ayi mowawo si wanga.

Tatseka mawindo, tapachika zitenje. Kuyatsa mbale zonse zitatu. Mphindi zisanu, khumi, madzi akuyamba kuyimba. Ndinatsala pang'ono kuvina. Pa makumi awiri, phwa.

Ndinakhala pansi pomwepo, ndinalira. Iness anangondiyang'ana, manja m'chiuno. "Alamu, mukulirira kawaya kangati tsitsi? N'chifukwa chake kakuduka. Kuntchito kwa bambo akwathu amaikapo wonenepa." Anatuluka, anakamasula waya wamkuwa umene unamanga chigwiriro cha ndowa yanga yosambira, anaupinda kawiri, anaukulunga pamalo pa fiyuzi. Ndinadziwa kuti si bwino. Ndinakumbuka chala chija chikugogoda khoma. Ndinamusiya.

Ndipo zinatheka. Madzi anawira, ndinathira ufa, ndinatakasa mpaka mapewa anachita dzanzi. Maola anayi. Thukuta linkatsikira m'duku. Phala litazizira tathira chimera, tavundikira.

Kukhitchini kukumveka kafungo ngati ka usipa woola. Ndafunafuna paliponse, kuseri kwa kabati, pansi pa sinki. Palibe. Iness akuti ndi mphaka wa Irene.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Phala lagona. Ndalawa, latsekemera, kenako kakuwawasa kumapeto. Iness akuti lili bwino. Fungo la usipa likadalipo, ndipo likuchokera cha pa soketi. Sindikufuna kuganiza.

Lachitatu, 10 Ogasiti

Ndilembe zonse.

Tinayatsa cha m'ma seveni. Lero ndiye linali tsiku lalikulu, phala liyenera kuwira kwa nthawi yaitali mpaka litatsika chikhatho chathunthu m'dilamu. Cha m'ma naini linali litangoyamba kuphulika m'mbali. Ine ndikutakasa, Iness akusimba za mpunga wake umene mbalame zamaliza. Ndinamva kuthetheka kumbuyo kwanga. Kucheuka, utsi ukutuluka m'khoma, osati pa soketi pokha, m'khoma mwenimwenimo, kutsata mzere mpaka kudenga. Soketi yoyera ija ikusungunuka, ikudontha, kenako lawi.

Iness ananyamula ndowa ya madzi. Ndinakuwa, ndinamukankha, madzi anatayikira pa ine. Ndinathamangira kubokosi, ndinagwetsa switchi yaikulu. Lawi tinaliphimba ndi thumba. Khoma lada kuchokera pansi mpaka kudenga.

Tinatembenuka. Dilamu likuzirala pamaso pathu.

Iness analawa. "Likafika dzuwa kulowa lisanawire, latha. Likhala la nkhumba." Chimera china chokwanira kuyambiranso palibe, ndipo kumeretsa chatsopano ndi sabata ndi theka.

Kenako anati, motsitsa, tilinyamulire kuseri kwa nthochi, tikoleze moto, amayi sadziwa. Ndinagwira kale mlomo wa dilamu, ndisaname. Koma Loweruka apongozi adzandifunsa maso ndi maso, chipanda chili m'manja, dzina la J. lili pakamwa. Ndikanama pamenepo ndidzavula zakuda, inde, koma ndidzakhala ndamasuka ngati? Bodza limodzi landiotchera kale khoma. Ndinasiya dilamu.

Ndinapita kuwekishopu mmene ndinalili, diresi lonyowa, mwaye kumaso. Ndinawauza a Hamadi zonse. Dilamu, mbale zitatu, waya wa ndowa, mowa. Mawu akuti mowa ndinawatchula kawiri chifukwa koyamba sanatuluke bwino.

Anaika pulayala patebulo pang'onopang'ono.

"Ndinakufunsani kawiri, mama."

Ndinati inde.

"Mukanapsa inu m'nyumba muja, anthu akanati Hamadi wapha mayi wamasiye ndi soketi yake."

Ndinati inde.

"Ine ntchito ya mowa sindigwira. Chibadwire."

Ndinagwada. Pansi pali mafuta a injini, ndinagwada pomwepo. Ine amene sindinagwadirepo abasala, kapena ahedi. Ndinati bambo, ndilibenso kwina. Ndinanena za apongozi ndi chifuwa chawo, za amalume a kutsidya, za pamalo pomwe ndinkamuphikira. Ndinkalankhula ngati wamisala, mamina ndi misozi pamodzi.

Anandifunsa kuti ndavala zakudazi nthawi yaitali bwanji. Ndinawauza. Anabwereza okha, "Zaka ziwiri." Anati kwawo mkazi wamasiye amakhala miyezi inayi ndi masiku khumi, ndipo mchemwali wawo anaona ngati imeneyo siitha. Anayang'ana panja. Ine ndili chigwadire, ndikumva wotchi ya pakhoma.

"Dzukani. Khoma la koleji lapsa, kulikonza ndi ntchito yanga. Ndipo ine sindiika waya woti udzapsenso. Zam'dilamu musandionetse."

Dilamu tinalivundikira ndi mphasa asanafike. Anabwera ndi makwerero ndi mkukutu wa waya wonenepa ngati chala changa chaching'ono, umene amaikira masitovu m'nyumba za aphunzitsi akuluakulu. Atatsegula bokosi anapeza waya wa ndowa uja utada bii. Anauonetsa kwa Iness, amene anali atabisala kuseri kwa chitseko. "Fiyuzi imapsa kuti nyumba isapse. Inu munaiuza kuti isapse."

Anakwera m'denga dzuwa lili pamutu, pansi pa malata. Waya watsopano anaukoka kuchokera kubokosi, paokha, ndi fiyuzi yakeyake, anautsitsa pamwamba pa khoma ndi timisomali, osati m'kati. Masoketi awiri, hotipuleti iliyonse yake. Adaputa ya Eliza anaiponya m'thumba mwawo, akuti ndidzamuuze kuti inamwalira. Pakati pa ntchito anatsika, anasamba pa mpopi, anayala kansalu pakhonde, anapemphera. Ine ndikuyang'ana mthunzi wa mtengo wa mapeyala ukutalika. Ndinkafuna kukuwa kuti fulumirani. Ndinaluma duku.

Anamaliza itangokwana folo. Anayesa ndi kababu kawo. Kenako analongedza.

"Kuyatsa muyatse nokha. Mudikire ndidutse mpanda." Ali pakhomo anatembenuka. "Lipoti ndilemba kuti waya unapsa ndi katundu wochuluka. Abasala akabwera Lolemba n'kundifunsa katundu wanji, ndinena. Ine sindinama."

Ndinati ndamva, ndipo ulendo uno ndinamvadi. Za Lolemba ndi za Lolemba.

Atadutsa mpanda ndinayatsa. Phala linayamba kuwira dzuwa litakhala pamwamba pa phiri, latsala pang'ono kugwera kuseri. Ndinagwira wayawo ndi dzanja kangapo. Wozizira. Iness akuti mwina tachedwa, mwina ayi, tiona Lachisanu.

Lachinayi, 11 Ogasiti

Tatsanulira mu mbiya ziwiri, tathira chimera chomaliza, taziika kuchipinda. Iness wanunkhiza, wakwinya mphuno, wavundikira. Ndikanakonda akananditukwana.

Irene wabwera kudzabwereka mchere umene ali nawo. Waona khoma. Waona dilamu, sindinalibise, ndilibenso mphamvu. Anati, "Ndi za malemu?" Ndinati eya. Anaima pang'ono, anabwerera wopanda mchere. Kaya akauza ndani.

Lachisanu, 12 Ogasiti

M'mawa, mbiya zili zii. Ndaika khutu, palibe.

Masana, zii. Iness akuti kukuzizira, tazifunditsa mabulangete onse a m'nyumba muno ndi jekete la J. Ndakhala pansi pakati pa mbiya ziwiri ngati ndikudwazika. Sindinadye. Ndapemphera, ndipo sindikudziwa ngati n'zololedwa kupempherera mowa. Ndati Ambuye, Inu mukudziwa chimene ndikupempha, si mowawo.

Cha m'ma faifi, ya kumanzere yayamba kunong'ona. Ndaitana Iness. Wavundukula, thovu laling'ono m'mbali. Ya kumanja ikadali chete.

"Imodzi ikwana," akutero, "ngati siinasase."

Loweruka, 13 Ogasiti

Tinasefa m'mamawa. Imodzi yokha, inayo yafa ndithu.

Anafika cha m'ma eyiti: apongozi, atawakweza pa njinga chifukwa sangathenso kuyenda mtunda, amayi awiri achikulire a kwawo, ndi ankhoswe anga. Ndinayala mphasa pabalaza. Ndinatunga m'chipanda, ndinapereka chogwada.

Apongozi ananunkhiza. Analawa. Anasunga m'kamwa, anameza, anakhosomola mpaka amayi ena aja anawagwira msana.

"Wawawasa."

Ananunkhizanso chipandacho.

"Ndipo sukununkha utsi. Mowa wanji wopanda utsi?"

Ndinati, amayi, m'nyumba muno mwana wanu sanadyepo chakudya cha utsi.

Anandiyang'ana. "Munauphikira pati? Mundionetse."

Ndinawagwira mkono mpaka kukhitchini. Anaona dilamu, njerwa, mahotipuleti. Anaona khoma lakuda lija, anatsata ndi maso kuchokera pansi mpaka kudenga. Anafunsa Iness mu Chilomwe, Iness anayankha nthawi yaitali, akuloza ine, akuloza ndowa, akuloza m'denga. Ndinangomva dzina langa ndi mawu akuti moto. Apongozi anapaka chala pa mwayewo, anachiyang'ana.

Kenako anagwada. Okha, anakana kuwathandiza. Anagwada pa simenti pansi pa masoketi a a Hamadi, anapendeketsa chipanda, mowa unayenderera mpaka pa mapazi anga. Analankhula ndi mwana wawo mu Chilomwe, motsitsa, monga munthu amalankhulira ndi mwana amene wakana kuchoka pabwalo. Chakumapeto anasinthira m'Chichewa, ndikuganiza kuti ndimve.

"Julius, wamwa. Wowawasa, koma wakuphikira pako pomwe, mpaka nyumba kupsa. Msiye tsopano. Si mkazi wakonso."

Zaka ziwiri ndakhala ndikufuna mawu amenewo. Sindinkadziwa kuti akamatuluka adzandipweteka chonchi. Ndinakhala m'mowa momwemo. Apongozi anandigwira mutu, anauika pachifuwa chawo chimene chikulira ngati chitseko chakale, tinalira awiri.

Ananditengera kumtsinje, kumunsi kwa mlatho. Anandimeta, anandisambitsa madzi ozizira mpaka mano kugundana. Zakuda anazikulunga, sindinafunse kumene apita nazo. Iness anandiveka chitenje cha maluwa achikasu chimene apongozi anagula okha, akuti chaka chatha, chinangokhala m'sutikesi. Mowa wotsala anyamula, apita nawo kumudzi. Ine anati ndibwerere ndekha, osacheuka.

Mutu ukuzizira. Pa msewu wa ku nyumba za antchito ndinakumana ndi Irene akuchokera ku chigayo. Anandipatsa moni wa alendo, anandipatukira, anapitirira. Sanandizindikire.

Ndinaima. Ndinamuitana dzina, mokweza, mpaka agalu a kwa ahedi anauwa.